Ndani Alole Elube Kupita ku Blantyre

Dzoole, Dowa
9 Disembala 1996

Okondedwa alamu a Elifala,

Muli bwanji kumeneko ku Ndirande pamodzi ndi akazi anu a Roza ndi ana? Ife kuno tilipo. Mvula yayamba bwino, fodya tawokera kale ndipo chimanga chamera.

Mlongo wanu Elube, mayi a Monika, akupezako bwino. Chotupa cha m'bere chija, chimene anatiuza kuti ndi khansa, chayamba kuphwa. Tapita kale katatu ku chipatala cha mishoni cha kumapiri a Ntchisi kukalandira diripi. Timayenda pa njinga mpaka pa Mponela, pamenepo n'kukwera matola. Mankhwalawo ndi aukali, alamu. Tsitsi lonse lathothoka, ndipo akalandira amasanza kwa masiku angapo. Pakamwa pokha ndi pamene mphamvu sizinathe. Akundikalipirabe monga kale, ndiye ndikudziwa kuti moyo ulipo.

Dokotala wawo, a Agnesi, ndi munthu wa mtundu umene sindinauonepo chibadwire. Ndi Mmalawi mnzathu, anathawira kunja nthawi ya chipani chimodzi, n'kubwerera zinthu zitasintha. Amakhala pabedi pa wodwala n'kumufotokozera matenda ake m'Chichewa, osabisa kanthu. Tsiku lina anandipeza ndikuphika phala m'khitchini ya magadiyani, mwamuna ndekha pakati pa amayi. Ena ankandiseka, koma iwo anangofunsa ngati ndathiramo nsinjiro.

Tsono vuto ndi ili. A Agnesi akuchoka kumapeto kwa Januwale, awaitana ku chipatala chachikulu kwanuko ku Blantyre. Atiuza kuti njira zilipo ziwiri. Tingatsale konkuno, diripi azipitiriza a Nowa amene amawathandiza, kapena tingawatsate kumeneko. Ati tiyankhe msanga, chifukwa mankhwalawa amaitanitsa potengera dzina la wodwala, ndiye ayenera kudziwa kowatumiza. Atinso matendawa safuna kudumphitsa diripi.

Ine ndine mkamwini chabe pamudzi panu. Munthuyu ndi wanu, ndipo chimwalirire malume anu, mwini mbumba ndinu. Tiuzeni chochita, ife titsata. Ngati mungapeze duku mutumize, dzuwa likuwaotcha pamutu.

Ndine mlamu wanu,
Jailosi


Ndirande, Blantyre
27 Disembala 1996

Alamu anga a Jailosi,

Kalata yanu yandipeza titadya kale Khirisimasi. Positi ya masiku ano nayonso ikufunika diripi. Ife kuno tili bwino, Roza akupereka moni, ndipo akuti muuze Elube kuti tikumupempherera.

Alamu, ndikuvulireni chipewa. Nkhani ya phala lanu ija ndinawerengera anzanga kufakitale pa nthawi ya tiyi. Ena anaseka, koma mkulu wina anati iye mkazi wake atagonekedwa sanadziwe ngakhale khomo la wodi. Amuna ngati inu ndi osowa. Mlongo wangayo ndimamudziwa, lilime lake ndi tsabola kuyambira ali mwana. Munthu amene anamupirira ali bwinobwino, n'kumusamalanso akudwala, ameneyo ine sindingamulamule.

N'chifukwa chake ndikuti za mwini mbumbazi tiyeni tizisiye. Dziko lasintha, alamu. Tinavota, ndipo pa wailesi tsiku lililonse akunena za ufulu. Ine ndakhala m'tauni zaka zambiri, sindidziwa kuti Elube wadzuka bwanji kapena wadya chiyani. Amene mukudziwa ndinu. Mkaziyo ndi wanu, chitani chimene mwaona kuti n'chabwino, ine sindilowererapo. Mukafuna kutsala, tsalani. Mukafuna kubwera, nyumba ilipo. Ndi yaing'ono, koma ana agona pabalaza.

Maduku awiri ndapatsira a Chiko oyendetsa lole, akawasiya pa golosale ya pa Mponela.

Wanu,
Elifala


Dzoole, Dowa
14 Januwale 1997

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Maduku afika, zikomo kwambiri. Lobiriwiralo sakulivula.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndalakwa chiyani, alamu? Kwathu kuno mwini mbumba akanena kuti mkazi ndi wanu, ine sindilowererapo, ndiye kuti wakwiya ndipo wasamba m'manja. Ndinakawawerengera a Tamanda, nkhoswe yanga, nawonso anagwira pakamwa. Ngati pali pamene ndinaphonya, kaya ndinachedwa kukudziwitsani matenda atangoyamba, nenani ndipepese.

Mwina mwaiwala za a Elia a kutsidya kwa dambo. Anatenga akazi awo kupita nawo ku esiteti ku Kasungu osauza eni ake, mayiwo n'kumwalira komweko. Maliro atafika pamudzi, abale anangokhala pansi, adzukulu osagwira khasu, mpaka dzuwa kupendeka. Funso linali limodzi, anakulola ndani. Ana anawalanda, munda anawalanda, ndipo a Elia mpaka lero sakweza mutu pagulu. Ine sindikuti mlongo wanu amwalira, Mulungu atithandize, koma Blantyre ndi kutali ndipo matendawa si chimfine.

Maganizo anga ndili nawo, koma sindingawaike patsogolo pa anu.

Diripi yachinayi alandira sabata yatha, yomaliza m'manja mwa a Agnesi. Anatifunsanso kuti tagwirizana chiyani, ine ndinati tikudikira mawu a mwini mbumba. Anandiyang'ana, kenaka anawagwira dzanja mayi a Monika n'kunena kuti asachedwe.

Kuno fodya wayamba kupsa, tikuthyola ndi kusoka, chigafa chafika pakati. Bwerani ngakhale tsiku limodzi tidzakhale pansi. Zikakanika lembani mawu amodzi okha, pitani kapena tsalani.

Ndine mlamu wanu,
Jailosi


Ndirande, Blantyre
30 Januwale 1997

Mlongo wanga Elube,

Kalata iyi ndaidutsitsa kwa aphunzitsi a pasukulu kuti ifike m'manja mwako. Usawaonetse amuna ako. Uli bwanji? Ukudya? Roza akufunsa ngati nseru yachepa.

Ine ndakhumudwa. Alamu ndinawapatsa ulemu wonse, ndinawamasula manja, iwo akundibwezera nkhani ya maliro a kwa a Elia. Munthu uli moyo, iwo akuganiza za adzukulu? Ndiponso m'kalata mwawo ndaonamo fodya. Undiuze zoona, kodi si fodyayo amene wawagwira miyendo? Ndikudziwa kuti nyengo ino mlimi sachoka pa chigafa, koma fodya amabzala chaka chilichonse, pamene mlongo ndili naye mmodzi.

Kubwera sindingathe mpaka Pasaka. Kuntchito kuno akuchotsa anthu, ukapempha tchuthi umabwerera n'kupeza pamakina pako pali wina. Kulamulanso sindilamula. Ndikanena kuti bwera, mawa adzati Elifala analanda mkazi wa mwini chifukwa amakhala m'tauni. Uwauze amuna ako alimbe mtima, anene okha. Ndi ufulu wawo.

Mchimwene wako,
Elifala


Dzoole
10 Febuluwale 1997

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli pa moni. Ndili moyo. Ana ali bwino. Zilembo zokhotazi mupirire, ndi za sukulu ya kwacha.

Kalata yanu yobisa ija ndawawerengera a Jailosi mokweza, pakhonde, yonse mpaka dzina lanu. Za fodyazo muchite nazo manyazi. Munthu ameneyu fodya wake wina wapsera m'munda chifukwa anali nane kuchipatala akuchapa nsalu zanga zosanzira. Pachitunda amandisiya ine pa njinga, iye n'kumakankha wapansi, matope m'mawondo. Atamva mawu anu anaimirira. Anangotuluka kukamanga mbuzi zimene anali atamanga kale.

Koma nonse awiri mwanditopetsa. Inu mukuti anene ndi alamu, alamu anu akuti anene ndi achimwene. Mukupatsana ulemu ngati anthu awiri pakhomo lopapatiza, aliyense akuti tsogolani, pamene bere likudwala ndi langa. A Agnesi anapita. Popeza sitinayankhe, mankhwala anga kuno sanawaitanitse, ndipo kwanuko sakudziwa kuti kuli Elube. Tsiku la diripi yachisanu linafika n'kudutsa ife tikudikira positi. Palibe mmodzi mwa inu amene anandifunsa ine kuti ukufuna chiyani. Inenso ndinapusa, ndinakhala chete ngati nkhaniyo ndi ya mbuzi.

Lachisanu ndinawauza a Jailosi kuti andiperekeze kwa a Nowa, koma atsale panja. Ndinawafunsa a Nowa kuti, ndikanakhala mayi anu mukanandiuza chiyani? Munthu ameneyo ndi woona mtima. Anati diripi angathe kundipatsa, anaphunzitsidwa bwino, koma pambuyo pake bere liyenera kuchotsedwa, ndipo chichokere a Agnesi wochita opareshoni yotere palibe. Anati akadzanditumiza nthawi imeneyo ndidzakayambira kumapeto kwa mzere, kwa anthu osadziwa pamene matenda anayambira. Anati, "Mayi, ndikanakonda kukusungani kufupi ndi ana anu, koma pitani." Wina akanadzitama kuti atha zonse. Ndinawathokoza mogwada.

Dzulo titaweruka ku tchalitchi ndinaitana mbumba yonse pansi pa mtengo wa mango wa malemu amayi. Anabwera amayi aang'ono, nkhoswe za mbali zonse ndi mkulu wa adzukulu. Ndinavula duku kuti aone mutu wanga mmene ulili. Ndinati, "Ine ndikupita ku Blantyre. Sananditume a Jailosi, sanandiitane a Elifala. Ndikabwera ndi miyendo yanga tidzathokoza Mulungu. Ndikabwera m'bokosi, khasu ligwiridwe m'mamawa, ndipo munthu asadzawafunse bambo a Monika kuti anakulola ndani. Ana asadzawachotse m'manja mwawo, ndi munda womwe. Mwamva nonse?" Amayi aang'ono anati mwana iwe ukudzilosera zoipa. Ndinati ayi, ndikutseka pakamwa panu lero ndikadali ndi mpweya. Sindinakhale pansi mpaka aliyense atavomera payekha.

Ndikwera basi Lachinayi. A Jailosi atsala, Monika ali ndi mayeso a Sitandade 8 chaka chino ndipo Chisangalalo ndi wamng'ono. Mukandichingamire pa depoti ya basi ku Wenela. Mantha ndili nawo, achimwene. Lilongwe sindinaipitirirepo, ndipo munthu amene amadziwa kundigwira mutu ndikamasanza ndikumusiya kuno.

Ndine mlongo wanu,
Elube


Ndirande, Blantyre
22 Febuluwale 1997

Alamu a Jailosi,

Muli bwanji ndi ana? Mtima ukhale pansi, munthu wanu anafika.

Kalata yake yondiuza kuti ndikamuchingamire yafika dzana, mwini wake ali pakhonde panga akusenda mbatata. Tsiku limene anafikalo ine sindinkadziwa kanthu. Pochoka kuntchito ndinapeza mayi atakhala ndi Roza, duku lobiriwira, thumba la mtedza pambali. Atatsika ku Wenela osaona munthu, anafunsa minibasi ya ku Ndirande, n'kutsikira pamsika. Pamenepo anayamba kufunsa ogulitsa mmodzimmodzi za Elifala wa ku Dowa wogwira kufakitale ya nsalu, mpaka mayi wina wa tomato anamufikitsa pakhomo. Munthu wodwala, woti phazi lake silinapondepo tauni ino. Atangondiona anandilalatira ana akumva.

Za fodya zija ndinalankhula mopusa, alamu. Mundikhululukire.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Anthu anali ambiri, ena atakhala pansi m'makonde. Tikudikira choncho, dokotala wina wamkazi anadutsa mofulumira, n'kuima, n'kubwerera. Anati, "Mayi a ku Dzoole, mwafika. Nanga bambo a phala aja ali kuti?" Ndinazindikira kuti ndi a Agnesi anu aja. Zonse munandilembera za iwo ndi zoona, mwinanso munachepetsa. Odwala onsewo, koma anakumbukira mbali ya bere ndi diripi imene analekezera osayang'ana papepala.

Atamuyeza nkhope yawo inasintha. Anati chotupa chayambanso kulimba chifukwa cha kudumphitsa kuja. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti anamuchedwetsa ndani. Ndisanatsegule pakamwa Elube anati, "Ulemu, adokotala. Kwathu tili nawo wambiri." A Agnesi sanaseke. Anati aliyense wobwera naye azidziwa kuti matendawa sadikira msonkhano. Mawuwo anali anga ndi inu, ndipo gawo langa ndalilandira.

Diripi anamupatsa tsiku lomwelo. Akuti magazi akakhala bwino opareshoni ichitika kumapeto kwa Malichi. Ndinawafunsa ngati achira. Anati salonjeza chimene sichili m'manja mwawo, koma mpata ulipo ndipo akanachedwanso mwezi wina ukanachepa kwambiri.

Zimene ananena pansi pa mango wandiuza. Ine ndimadzitcha mwini mbumba, ndimawerenga nyuzipepala, ndimadziwa kunena za ufulu pa nthawi ya tiyi. Koma chimene wachita mlongo wanga sindikanachiganiza, ndipo ndikanachiganiza sindikanalimba mtima.

Wanu,
Elifala


Dzoole, Dowa
9 Malichi 1997

Mayi a Monika,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Mukudya? Ife kuno tilipo. Kalata ya alamu ndalandira, ndipo pamene akunena kuti munafika ndinawerenga kawiri.

Ndikuuzeni lero chimene ndinalephera kunena. Ine ndinkafuna mupite kuyambira tsiku lija a Agnesi anatiuza kuti akuchoka. Pa matola pobwerera ndinali nditaganiza kale. Koma pakamwa panga panali pomangika, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake. Tsiku lija pansi pa mango ndinaweramitsa mutu, anthu ankayesa manyazi. Ndinkabisa misozi. Chikwatirire pamudzi pano palibe amene anandiimirira chotero.

Nkhani yanu yafika mpaka ku Mponela. Amayi ena kuchigayo akuti munachita mwano, ena akuti nawonso akadzadwala adzatero. A Elia anabwera kudzandithandiza kusoka fodya osaitanidwa. Anangosoka tsiku lonse n'kubwerera. Amayi aang'ono masiku ano amatumiza ndiwo.

Monika akuwerenga, ngakhale kuphika kukumudyera nthawi. Chisangalalo akamva galimoto kumsewu amathamangira kumpanda. Nkhuku yanu yamawanga yaswa. Chimanga chili bwino kupatula cha kumunsi kumene kunalowa madzi.

Pa tsiku la opareshoni ndikufuna ndidzakhalepo. Koma kumeneko ndi pakhomo pa alamu, ndipo sindingangofika ngati mlendo wosadziwa mwambo. Ndawalembera kuwapempha ngati ndingabwere, ndipo ndikudikira yankho lawo.

Ndine amuna anu,
Jailosi


Ku chipatala, Blantyre
6 Epulo 1997

Bambo a Monika,

Ndadzuka. Muli bwanji ndi ana anga? Ndikulemba chogona, ndiye mizere ikapita kumwamba musadabwe.

Opareshoni inachitika Pasaka isanafike. Kalata yanu yopempha chilolezo achimwene anailandira, anaseka, anati munthu ameneyu amafunsiranji zinthu zodziwikiratu. Poganiza kuti n'zodziwikiratu anachedwa kuyankha. Inunso poona kuti sanayankhe munakhala. Ine pamene ankandikankha pa kabedi ka matayala ndinkayang'ana kukhomo. Potsitsimuka ndinayang'ananso kukhomo. Panali alamu a Roza, Mulungu awadalitse, akundisamala ngati m'bale wawo weniweni. Koma si amene ndinkafuna.

Ndinakwiya, musaganize kuti sindinakwiye. Ndinakonza mawu ambiri oti ndikulembereni. Kenaka ndinawerenganso kalata yanu, pamene mukunena za misozi, mawu onse aja n'kutha. Ndinu munthu wabwino, bambo a Monika, wabwino mpaka kutopetsa.

Bere analichotsa lonse, ndi tina ta m'khwapa. A Agnesi amabwera m'mawa uliwonse ngakhale tsiku limene si lawo. Akuti achotsa zonse zimene maso awo anaona, koma sangalumbire za zimene sanaone. Kwatsala madiripi awiri, kenaka ndizibwera kudzaonedwa. Akuti adzalembera a Nowa kuti zina azindiona kwathu konko, ndisamakwere basi nthawi zonse. Ndawafunsa ngati ndidzamuone Monika akupita ku sekondale. Anati tiyeni tilimbane nazo, ndipo sanayang'ane kumbali ponena zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze munthu. Bala sindinaliyang'ane. Anamwino akabwera kudzatsuka ndimatembenukira kukhoma. Amayi a pabedi loyandikana ndi langa akuti ndine wolimba mtima, achimwene akuuza aliyense za ulendo wanga wa ku Ndirande, koma pachifuwa panga pandikanika. Ndinaima pamaso pa mbumba yonse, ndinakwera basi ndekha, koma ichi chokha sindichita ndekha. Ndikufuna tidzalione limodzi, inu amene munaliona bere limeneli likuyamwitsa ana athu.

Fodya muwasiyire a Tamanda, ana muwapereke kwa amayi aang'ono. Musawalembere achimwene, musapite kwa nkhoswe, musadikire positi. Wakuitanani ndine. Kwerani basi.

Ndine akazi anu,
Elube